Belu la Abambo Kamtedza

Abambo Kamtedza tinawaika m'manda Loweruka loti mawa lake ndi Sabata la Kanjedza. Mwambo wawo unatalika koopsa. Makwaya anaimba mosinthana mpaka mawu kusasa, olankhula analankhula, wina mpaka anayambira kwa agogo awo ku Dedza, uku dzuwa likutiphika ife amayi titavala zoyera pabwalo la tchalitchi pa Kawale pano. Ine ndinangoti chamumtima: eniake akanati adzuke m'bokosimo, onsewa akanawadula pakati ndi belu.

Amati wakufa sanenedwa zoipa. Chabwino. Zabwino zawo zinanenedwa kale tsiku lija, ndipo zinanenedwa pa sipika, anamva ndi a ku Biwi omwe. Ine ndinena zimene zinatsala. Ndakhala nawo mu komiti yokonza mapemphero a Pasaka zaka zambiri ndikuimira amayi, ndiye wina asandiuze kuti sindinkawadziwa.

Belulo kanali kabelu kamkuwa ka chogwirira chamtengo, konga ka kusukulu ya pulayimale. Anachoka nako ku fakitale ina ya fodya ku Kanengo, komwe anali kapitawo woyang'anira nthawi yolowera ndi yowerukira. Atapuma ntchito fakitale inatsala ku Kanengo konko, koma ukapitawo uja anabwera nawo kutchalitchi. Ankakhala kutsogolo, kumanja kwa guwa, pampando wokhawo wokhala ndi poika manja, wotchi atavula n'kuigoneka pabondo, belu lili tcheru m'dzanja. Kwaya ikawonjeza vesi imodzi, ngelengele! Wolengeza akatalikitsa, ngelengele! Chaka china gogo wina wa ku mlaga kwathu, dera lathu la mumpingo, ankapemphera Lachisanu Loyera, misozi ili mbwembwembwe, wafika pamene Ambuye akupempha madzi pamtanda, belu linalira. Gogoyo anangoti "Ameni" ngati wagwidwa akuba nkhuku, n'kukhala pansi. Sanadzapempherenso pagulu.

Anali ndi mawu awo amene tonse tinawaloweza. Ankati Mulungu wathu si wachisokonezo, dziko analilenga motsata dongosolo, sanayambe ndi Loweruka n'kubwerera ku Lachiwiri. Ankatinso Ambuye Yesu anauka tsiku lachitatu osati lachinayi chifukwa ankasunga nthawi, ndiye ife ndife yani kuti tichedwe. Akanena zimenezi ankayang'ana uku ndi uku kudikira kuti anthu agwedeze mitu, ndipo ogwedeza sankasowa. Mawu awo aakulu kuposa onse anali akuti chimene chalowa pa pulogalamu chalowa, chimene chatsala chatsala.

Chaka chilichonse, chimanga chachiwisi chikangoyamba kuotchedwa m'mbali mwa msewu, ankaitana komiti. Tinkakumana m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, matope ali tho kumapazi. Amvekere takumana kuti tikambirane. Kukambirana chiyani! Munthu ankabwera Pasaka yense ali kale m'mutu mwake, kuyambira kanjedza mpaka dalitso lomaliza, ife ntchito yathu n'kumangoti inde. Achinyamata akapempha kuimba ndi kiyibodi, ayi, pano si pa bala. Anzathu ochokera kumpoto, amene ndi ambiri mumpingo mwathu, akapempha nyimbo ya Chitumbuka, ankawalola imodzi yokha, n'kuiponya pa nthawi ya chopereka, pamene anthu akukokerana mabenchi ndipo palibe akumva. Ndiye panali sewero la kuuka kwa Ambuye. Achinyamata ankamanga manda a masaka ndi makatoni pakona, mwala wake wa mapepala a simenti. Abambo Kamtedza analamula kuti mwalawo usakunkhunizidwe belu lisanalire. Chaka china mngelo anaima mwala uli m'manja, amayi a m'sewerolo afika kale pamanda akungoyang'anana, mpingo wonse uli zii, kudikira kuti kapitawo amalize kuona wotchi.

Panali chinthu chimodzi chokha chimene belu silinkachikhudza. Sabata la Pasaka, ulaliki ukatha, Mgonero usanayambe, Abambo Kamtedza ankaimirira kunena mbiri ya mpingo. Mbiri ya mpingoyo inali mbiri yawo. Ankafotokoza momwe anasenzera malata oyamba a tchalitchi chino pamutu kuchokera ku Mchesi, mvula ili kuwakwapula. Chaka ndi chaka malata aja ankachuluka, mvula nayo inkakulirakulira, mpaka chaka china munalowa ziphaliwali. Amene analipo nthawi imeneyo amati malatawo anabwera pa wilibala, iwo ankangotsatira pambuyo kumakalipira wokankha. Belu pa nthawi imeneyi ankaliika pansi pa mpando.

Ndisawanamizire. Sanachedwepo. Sananunkhepo mowa. Dzanja lawo silinasocherepo m'mbale ya chopereka, ndipo jekete lawo linali losita bwino nthawi zonse. Izi zonse zinanenedwa pamaliro ndipo n'zoona. Koma nayo njerwa siichedwa, siimwa mowa, siiba.

Tsopano ndinene za Amayi Nyagondwe, chifukwa ine ndikamva dzina la Kamtedza ndimaona nkhope yawo.

Anali mayi wa ku Rumphi, wamtali, wosalankhulalankhula, ankagulitsa nyemba ndi mpunga mumsika wa Mchesi. Anakwatiwa ali mtsikana ndi kalipentala wina wa kwawo komweko amene anali ndi mkazi wamkulu kumudzi. Mitala imeneyo. Lamulo la mpingo wathu ndi lakuti mkazi wachiwiri amadulidwa: mapemphero abwere, chopereka apereke, koma Mgonero asadye mpaka banjalo litatha. Iwo banja sanalithetse. Akanapita kuti ndi mwana? Choncho anakhala zaka zonsezo kumapeto kwa benchi yomaliza, pafupi ndi chitseko.

Chodabwitsa n'chakuti timakapu ta Mgonero, tija ting'onoting'ono timene aliyense amamwera kake, ankatsuka ndi iwowo. Palibe anawatuma. Anangoyamba, ndipo zinangokhala choncho. Loweruka la Pasaka ankabwera ndi beseni ndi sopo wawo, n'kukhala pamthunzi kuseri kwa tchalitchi, kutsuka kamodzikamodzi, kupukuta, kuyang'ana padzuwa ngati mwatsala kanthu. Tsiku lina ndinawaseka kuti inu mumatsuka mbale za phwando limene simudya nawo. Anaseka n'kunena kuti, "Amama, ine ndimakhuta fungo."

Amuna awo anamwalira mvula itangoyamba. Mitala inathera pomwepo, ndipo njira yobwerera mumpingo inatseguka. Koma nawonso anali atayamba kudwala. Matenda aja a m'mimba amene amadya munthu pang'onopang'ono. Pofika nthawi ya chimanga chachiwisi chitenje chinkawazungulira kawiri. Tsiku lina anabwera pakhonde pomwe ndimasokera, anakhala pansi kaye kuti mpweya ubwerere, kenako anati:

"Amake Chisomo, imfa ine sindikuiopa. Ndikuopa kupita duu."

Ndinamva chimene ankanena, ndipo aliyense wa mpingo wathu akanamva. Munthu akamwalira ali wodulidwa, thupi lake sililowa m'tchalitchi. Amayi savala zoyera, kwaya siimba, abusa savala mkanjo. Amanyamulidwa ngati katundu.

"Ndatsuka makapu zaka zonsezi," anatero. "Ndimwereko kamodzi kokha. Ndiye mudzandiimbire. Basi."

Bwalo la akulu ampingo linakhala pansi n'kuvomera kuti abwezeretsedwe. Panalibe wotsutsa, ngakhale Abambo Kamtedza amene. Chinatsala n'chimodzi: kuti aime pamaso pa mpingo Mgonero usanayambe, ayankhe mafunso a abusa, apatsidwe dzanja. Ndipo Mgonero wotsatira unali wa Sabata la Pasaka.

Abusa athu nthawi imeneyo anali achinyamata, ongobwera kumene, kolala ikadali yoyera mbee. Nkhaniyi anaibweretsa ku komiti ngati chinthu chaching'ono, poti chinalidi chaching'ono.

"Abambo, tiikepo kamphindi ka Amayi Nyagondwe, ulaliki ukatha."

Abambo Kamtedza sanatukule n'komwe mutu. "Abusa, pulogalamu inatsekedwa kale."

"Koma si zotenga nthawi, abambo."

"Zonse zimayamba choncho, si zotenga nthawi. Pamenepo pali mbiri ya mpingo."

Ine ndinalowererapo. Ndinati, "Ndiye tidule mbiriyo pang'ono. Malata aja tonse tikuwadziwa."

M'chipindamo mkulu wina anayamba kufufuza chinachake m'thumba chimene munalibe. Abambo Kamtedza anavula magalasi pang'onopang'ono, monga ankachitira akafuna kuti munthu achepe.

"Mayi, mbiri ya mpingo si nsalu yoti muidule ndi sizasi yanu. Komanso Pasaka ndi tsiku la chimwemwe, kumabwera alendo. Si tsiku loimika za mitala kutsogolo. Adikira zaka zonsezi, alephera bwanji kudikira Mgonero wa Pentekoste?"

"Abambo, mwawaona mayiwa mmene alili? Pentekoste sakafika."

"Ndinu Mulungu inu, kuti mudziwe tsiku la munthu?"

Ndinatembenukira kwa abusa. Abusa ankayang'ana nsapato zawo. Sindiwada kwambiri. Mlendo ndi mame, ndipo anali atamva kale za abusa ena amene anakangana ndi bambo ameneyu n'kupezeka asamutsidwa chaka chisanathe. Akulu enawo ndiye musanene, amuna athunthu a ndevu zawo, onse pakamwa tseke. Ine ndinalankhulabe. Ndinati Mariya wa Magadala uja mumamuika mu sewero chaka chilichonse, mukuganiza kuti anali ndi mbiri yabwino? Anayankha kuti za sewero tinakambirana kale sabata yatha. Kenako anatenga belu, m'kachipinda koti anthu tikugundana mawondo, n'kuliza. Msonkhano watha.

Ndinapita ndekha ku Mchesi kukawauza. Ndinkayembekeza kulira. Anangosisita bondo, kenako anati, "Palibe kanthu, amama. Pentekoste si patali." Anandithokoza n'kundithokoza, ngati ndawabweretsera nkhani yabwino.

Loweruka anabwera kudzatsuka makapu. Beseni anawanyamulira ndi mwana wawo, Tawonga, amene panthawiyo anali kale mayi wa ana ake. Ndinati lero tisiyireni ife, anakana. Anatsuka onse atatsamira khoma.

Sabata la Pasaka anabwera pa kabaza, atavala diresi yawo yabwino imene inali itasanduka thumba. Tchalitchi chinadzaza, ena kunja. Mwala unakunkhunizidwa pa nthawi yake. Nyimbo ya Chitumbuka inaimbidwa pa chopereka. Ulaliki utatha Abambo Kamtedza anaimirira, anakonza tayi, anaika belu pansi pa mpando, n'kuyamba kusenza malata. Chaka chimenecho anasenza nthawi yaitali zedi, mwina pofuna kundionetsa ine. Anafika pa mvula, anafika pa mitsinje yodzaza imene pakati pa Mchesi ndi Kawale sindikudziwa kuti anaipeza pati. Ndinacheuka. Amayi Nyagondwe anali pamalo pawo, manja pamiyendo, akumvetsera mwaulemu. Kenako mathireyi anayenda benchi ndi benchi, timakapu tikuwala, n'kubwerera asanafike kumapeto.

Pentekoste sanafike. Anamwalira kuchipatala, masabata angapo Pasaka atadutsa. Abusa anali atapita kutchuthi kumudzi kwawo, foni yosapezeka, ndipo mpingo anausiya m'manja mwa yani? Mwa Abambo Kamtedza.

Tawonga anapita kunyumba kwawo m'mawa, ine ndinamuperekeza. Tinawapeza pakhonde akumwa tiyi. Mwana wa mayi uja anagwada pa dothi, pabwalo, osati pakhonde.

"Abambo, bwalo linavomera kale. Mayi anga angolowa m'tchalitchi pang'ono pokha, tiimbe nyimbo imodzi, tizipita."

"Pepani kwambiri, mwanawe. Zovutazi tazimva. Bwalo linavomeradi, koma sanaime pamaso pa mpingo. Ndondomeko sinathe."

"Sanaime chifukwa munakana ndinu!" Ameneyo ndine, sindikanatha kudzigwira.

"Malamulo sindinalembe ndine, mayi," anatero, n'kuvundula tiyi.

Kusiwa anabwera, musaganize kuti sanabwere. Anafika pa nthawi yake, jekete lakuda, anapepesa, anapereka chipepeso, n'kukhala pampando pakati pa azibambo. Maso awo ankangoyendayenda mwa amayi, kuona ngati pali wina wavala bulauzi yoyera kunsi kwa chitenje. Maliro a mayi amene sanajombepo kutchalitchi, nyumba yonse inali duu. Munkamveka kulira kokha ndi makina a akalipentala kuseri.

Thupi linkapita ku Rumphi. Tawonga anapempha woyendetsa lole kuti adzere ku Kawale, adutse pang'onopang'ono pa tchalitchi. Tinadutsadi. Geti linali lotseka, loko ali lende. Tinayenda osaimba mpaka mu msewu waukulu wopita kumpoto, ndipo titadutsa Kanengo mayi wina anayamba nyimbo ya Chitumbuka ija ya pa chopereka, motsitsa mawu. Tinalandira tonse, ndi ife a ku Ntcheu omwe amene mawu ake tinkangowalumaluma. Tinaimba ngati akuba, mphepo ikutilanda mawu. Si zimene anapempha zimenezo. Anapempha kuimbiridwa m'nyumba ya Mulungu wawo.

Abusa atabwera anamva, analira, anapita kukapepesa kwa Tawonga. Tawonga sanapondenso pa tchalitchi chathu. Abambo Kamtedza nkhaniyi sanaitchulenso, ndipo sindikhulupirira kuti inawasowetsapo tulo. Chaka chotsatira anadandaula mu komiti kuti makapu a Mgonero masiku ano sakuwala ngati kale, amayi mwayamba ulesi. Ndinawayang'ana kuti mwina akuseka. Sankaseka.

Anakalamba ali pampando womwewo. Chakumapetoku dzanja linayamba kunjenjemera, moti belu linkalira lokha. Abusa ali pakati pa ulaliki, ngelengele. Mkwati ndi mkwatibwi akulumbira, ngelengele. Ana ankabisa nkhope m'zitenje za amayi awo kuseka. Anthu anasiya kulimvera, koma kuwalanda palibe analimba mtima. Ena ankati n'zomvetsa chisoni. Ine chisoni changa chinapita ku Rumphi pa lole.

Ndiye chaka chino Pasaka anatipeza tangowaika kumene. Komiti inakumana mothamanga, aliyense akulankhula nthawi imodzi ngati ana a sukulu aphunzitsi akatuluka. Zinthu zinasokonekera ndithu, ndisaname. Mngelo anakunkhuniza mwala amayi aja asanafike. Kwaya ya achinyamata inaimba mpaka thukuta, kiyibodi ikulira mokweza. Nyimbo za Chitumbuka zinalowa paliponse. Tinatuluka mochedwa, ndipo kumwamba sikunagwe.

Ulaliki utatha, pamalo paja pa malata, abusa amene tili nawo tsopano anaitana anthu awiri odulidwa amene bwalo linawavomera, bambo wina ndi mtsikana wina. Duku langa linali litamasuka, ndiye ndinakweza manja kuti ndilimange. Anthu aja anaima. Abusa anafunsa, iwo anayankha. Anawapempherera, anawagwira dzanja, anati kakhaleni pakati pa abale anu. Pamene ankakhala pansi ine n'kuti ndikadalimbana ndi mfundo ya duku.

Basi. Kamphindi kake kanali kameneko.

Kapu yanga ndinailandira n'kumwa, ndipo Mulungu andikhululukire, mumtima mwanga simunali kulapa.

Anthu atatuluka ndinatsalira kusesa ndi amayi anzanga. Mpando uja ukadali pomwepo, kumanja kwa guwa. Palibe wakhalapo. Poika manja panayera ndi kupekesedwa, khushoni inalowa pakati, ndipo pansi pake pa simenti pali kachizindikiro kozungulira pamene belu linkapumira nthawi ya mbiri. Belulo lili pawindo la kachipinda kathu, ana a Sande sukulu analichotsa kale lilime. Anyamata a zokuzira mawu akuti mpandowo ndi wabwino kuikapo sipika.

Zaka zonsezi, mtima ukandiwawa, ndinkadziuza kuti mwina bambo uja sanaone. Tchalitchi n'chachikulu, maso okalamba, munthu wotanganidwa ndi wotchi. Mwina sanadziwe kuti mayi uja watha chotani. Ndiye tsiku limenelo ndinaika tsache pansi n'kukhala pampandopo, koyamba m'moyo wanga. Ndinakweza maso.

Mpandowo unayang'ana ndendende mu mpata wa pakati pa mabenchi. Palibe mzati, palibe chotchinga. Kumapeto kwa mpatawo kuli chitseko, ndipo kuwala kolowera pachitsekopo kumagwera pa nsonga ya benchi yomaliza. Kuchokera pamene ndinakhalapo ndinkaona ngakhale msomali umene unatuluka pa benchipo, pamene Amayi Nyagondwe ankakoleka kathumba kawo ka sopo.